Mapiritsi a m'chitini cha tiyi

Mayi anga apitirira zaka 70. Anaphunzira kumadrasa kokha, ndipo ngakhale Chichewa amachimva, nkhani yofunika imawalowa bwino m'Chiyao. M'chaka cha 2022 anawapeza ndi matenda othamanga magazi.

Tsiku limenelo dokotala wachinyamata analankhula mofulumira, maso ali m'kabuku ka chipatala. Sindimuweruza, poti mzere unali utatuluka panja. Pomaliza anafunsa kuti, "Mwamva amayi?" Iwo anati, "Eya." Inu owerenga mukudziwa kuti munthu wamkulu wa kwathu kuno sangauze dokotala kuti sanamve. Kwa iye kutero ndi mwano.

Mapiritsiwo ankamwa pogona, ndipo usiku ankadzuka kanayi kukataya madzi. Nkhani yotere akanaiyamba bwanji kwa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo? Mutu utasiya kupweteka, iwonso anasiya mankhwala. Ine ndinadziwa patatha miyezi iwiri, nditawapeza m'chitini cha tiyi. Ndinachita mantha, chifukwa matendawa amatha kupha munthu ziwalo popanda chizindikiro.

Titabwerera tinapeza namwino. Anakhala pansi nawalonjera m'Chiyao. Anafotokoza kuti piritsi lija, HCTZ, limachotsa madzi ndi mchere m'thupi kudzera m'mkodzo, choncho n'loyenera kumwa m'mawa. Za koloko sanatchule. Anati, "Mukatha swala ya Subuhi, piritsi limodzi."

Kenaka anafunsa kuti, "Amayi, aphwanu akakufunsani kumudzi, mukawauza kuti mankhwalawa mumwa mpaka liti?"

"Mpaka atatha," anayankha motero mayi.

"Pepani, ndine amene sindinalongosole bwino," anatero namwinoyo, nabwereza kuti matendawa satha, amangotsika, ndipo mapiritsi asanathe akatenge ena. Anafunsanso, ndipo ulendo uno mayi anayankha bwino. Zonsezi sizinathe mphindi 10.

Pambuyo pake anandiuza kuti njirayi anachita kuphunzira, ndipo pa Chingerezi imatchedwa teach-back: wodwala anene yekha m'mawu ake zimene akachite, ndipo akalakwitsa, wolakwa ndi wofotokozayo. Ndikanakonda wophunzira aliyense wa ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Kamuzu University of Health Sciences akanamayesedwa pamaso pa gogo weniweni, wosamva bwino khutu limodzi, asanalandire satifiketi.

Lero mapiritsi amakhala pafupi ndi mkeka wawo woswalira. Za kuchepetsa mchere mu usipa, zomwe namwinoyo ananenanso, ine ndi mayi tikukanganabe.