Khangaza la Mfumukazi Catherine

Khangaza ndi chipatso chobisa chuma chake. Khungu lake ndi lolimba, losapatsa mudyo, koma likang'ambika mumaoneka njere mazanamazana zofiira ngati magazi, zothithikana ngati ana m'nyumba ya mwanaalirenji. Kunsonga kwake kuli kachisoti konga kachifumu. Nchifukwa chake anthu akale sanalione ngati chakudya chokha. Pa Eksodo 28, makangaza opeta ndi ulusi anazungulira m'mphepete mwa mwinjiro wa mkulu wa ansembe, motsatizana ndi timabelu tagolide. Kwa Agiriki linali chipatso cha imfa: Persephone atadya njere zake kudziko la akufa, anayenera kumabwererako chaka ndi chaka. Cha m'ma 1487, Botticelli anajambula Maria ndi khanda Yesu atagwira khangaza long'ambika, kulosera magazi a pamtanda. Koma tanthauzo lomwe linafala koposa ndi la kubala, ndipo pali mayi wina amene analisenza mpaka kumanda.

Dzina la mzinda wa Granada ndi lomwenso anthu a ku Spain amatchulira chipatsochi. Mfumu Ferdinand ndi Mfumukazi Isabella atalanda mzindawo kwa mafumu achisilamu mu 1492, anaika khangaza pa chizindikiro cha ufumu wawo. Mwana wawo wamkazi, Catherine wa ku Aragon, anali ndi zaka 6. Mu 1501 anapita nalo ku England kokakwatiwa ndi Arthur, mwana wa mfumu, amene anamwalira patangotha miyezi isanu. Mu 1509, ndi chilolezo cha Papa, mng'ono wa malemuyo, Henry VIII, analowa chokolo. Chithunzi chosindikizidwa chaka chimenecho chimaonetsa Henry atakhala pansi pa duwa la rozi, Catherine pansi pa khangaza.

Ku Spain chipatsocho chinkanena za kupambana pankhondo. Ku England chinayamba kunena za mimba ya mkazi mmodzi. Chinkasemedwa pa makoma ndi kupetedwa pa nsalu, ndipo aliyense wochiona ankakumbukira chomwe dziko linkadikira. Chizindikiro cha ulemu chinasanduka ngongole.

Catherine anaima kosachepera kasanu ndi kamodzi. Ana ena anabadwa atafa kale, ena anangokhala kanthawi. Mwana wamwamuna amene anabadwa pa 1 Januwale 1511, dziko lonse nkuchita chikondwerero, anamwalira patapita masiku 52. Amene anakula ndi mmodzi yekha, Mary, wobadwa mu 1516. Kwa anthu amene mtundu wawo umayenda kuchikazi, monga Achewa, mwana ameneyu akanakhala chiyambi cha mbumba. Kwa Henry, nyumba yopanda mwana wamwamuna inali ngati yopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Iye anatsegula Levitiko 20, nanena kuti Mulungu akumulanga chifukwa chokwatira mkazi wa mbale wake.

Catherine analumbira kuti iye ndi Arthur sanakhalirepo malo amodzi. Mu 1529, m'bwalo la milandu ku Blackfriars, anagwada pamaso pa mwamuna wake, namukumbutsa zaka 20 za kukhulupirika kwake, kenako anatuluka osabwereranso. Papa Clement VII sanavomere kuthetsa ukwatiwo, koma mu 1533 Thomas Cranmer, Arkibishopu wa ku Canterbury, anauthetsa, ndipo chaka chotsatira Henry anakhala mutu wa mpingo wa ku England. Amisiri anatumidwa kukachotsa makangaza m'nyumba zachifumu ndi kuikapo kabawi woyera wa Anne Boleyn. Catherine analetsedwa kuonana ndi mwana wake. Anamwalira ku Kimbolton pa 7 Januwale 1536, akudzitchabe mfumukazi.

Cholakwa sichinali m'chipatso. Khangaza limabereka monga mwa chilengedwe chake, losalamulidwa ndi wina. Cholakwa chinali mwa anthu amene anatenga chipatso nkuchisandutsa muyeso wa munthu. Mayiyu ankadziwa Chilatini, anakhalapo kazembe wa bambo ake ku England mu 1507, ndipo mu 1513 analamulira dziko mwamuna wake ali kunkhondo ku France, pamene asilikali a England anagonjetsa a Scotland ku Flodden. Zonsezi sizinawerengedwe. Chinawerengedwa ndi chimodzi chokha, chimene sichinali m'manja mwake. Komabe mwana wonyozekayo ndi amene anakhala pampando wachifumu mu 1553.

Manda a Catherine ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Peterborough, ndipo pamwamba pake palembedwa udindo womwe anaulandidwa. Mwezi wa Januwale uliwonse pamachitika mwambo womukumbukira, ndipo alendo amasiya makangaza pamwalapo. Iwo sabwera kudzawerenga ana ake. Amabwera kudzalemekeza mkazi amene anakana kuvomereza kuti zaka zake 24 za m'banja zinali zabodza.