Land Rover Yakale ya Aphunzitsi ndi Ulendo wa ku Malambo

Anthu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amabadwa, kukula ndi kukalamba osaliona dziko la Malambo, ngakhale liri pafupi ndi kwao. Caka ndi caka alendo a kutsidya kwa nyanja amatera ndi ndeke pa Mfuwe kudzaona nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene zimapezeka m'cigwa ca Luangwa cokha, pamene eni dziko amangomva mbiri yace. Mmodzi wa anthu amene nkhani iyi inali kuwawawa mumtima ndi mphunzitsi wina wa m'boma la Chipata. Kwa zaka zoposa 30 iwo anali kujambula mtsinje wa Luangwa pa bolodi, kuuza ana kuti South Luangwa inakhala paki ya Boma mu 1972 ndi kuti madzi ace amakathira mu Zambezi, koma iwo eni sanapondeko kupitirira pa Mfuwe pamene pathera mseu wa tala.

Atapuma pa nchito nalandira ndalama zao za penshoni, anauza akazi ao cimene cinali kukhosi kwao: kugula galimoto yoyenda ndi magudumu onse anai, kuikonza, ndi kupita nao limodzi kumpoto kwa cigwaco, kudzera ku Nsefu, ku Luambe ndi kwa Mfumu Chitungulu, kenaka kukwera mtunda kukaturukira ku Lundazi. Amai sanakane, koma anaika malire. "Atate a ana," anatero, "ndalama izi ndi zomariza, sizidzabweranso. Tizigawe patatu. Gawo limodzi la malata ndi feteleza, lina la sukulu ya adzukulu, lotsalalo ndiye lanu. Likatha, galimoto iime pomwepo." Mau amenewa ndiwo analamulira nchito yonse imene inatsatira.

Galimoto imene anaipeza inali Land Rover yaitali ya mtundu wa Series III, yoyendera dizilo, yomwe inakhala zaka zingapo pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikira mazira pa mipando yace. Awerengi acikulire aikumbukira bwino galimoto yotere, pakuti ndiyo inali kunyamula alangizi a zaulimi, anamwino ndi apolisi m'midzi. Land Rover yoyamba inapangidwa ku Britain mu 1948, ndipo mtundu uwu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Thupi lace ndi la aluminiyamu, limene silicita dzimbiri, cotero ngakhale itakalamba imaoneka yamoyo. Koma citsulo capansi cimene cisenza zonse, cimene amakanika amacicha chasisi, cimadyeka mwakacetecete. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphwao wa ku Lusaka atamva za galimotoyo anafika ndi zithunzi m'foni yace. "Amalume," anatero mnyamatayo, "muikepo matayala akulu, nyali zinai padenga, citsulo cochinga kutsogolo ndi winchi yamagetsi yodzikokera m'matope. Anthu adzaima m'mseu kukuyang'anani." Aphunzitsi anakopeka ndithu. Koma popeza safunsa anadya phula, anayamba apita kwa makanika wina wokalamba amene pa unyamata wace anali kukonza magalimoto a Boma. Mkuluyo analowa pansi pa galimoto ndi kanyundo, nagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamene citsulo cinali cabwino panali kulira kuti ngwe, koma pafupi ndi pogwirira masipulingi a kumbuyo nyundo inaboola ngati pepala. Ataturuka anapukuta manja nati, "Aphunzitsi, kuthengo kulibe woyang'ana nyali. Ndalama yanu iyambire pa zimene zidzakubwezani kunyumba."

Cotero nchito yoyamba inali yosaoneka ndi maso a odutsa. Wowocherera zitsulo anadula malo onse odyeka naikapo zigamba zolimba. Mabuleki anamasulidwa magudumu onse anai, mapaipi ace ofooka nasinthidwa. Masipulingi anaphwasulidwa, kupalidwa dzimbiri ndi kupakidwa girisi, ndipo m'malo mwa zitsulo ziwiri zothyoka anaikamo zina zogula kwa ogulitsa masipeya akale. Radiyeta inatsukidwa, lamba wa fani ndi mapaipi a madzi anagula atsopano, akalewo nawasunga m'bokosi kuti akathandize pa tsoka. Apa mkuluyo sanalole kuumira, cifukwa ku Malambo kumatentha koposa kumtunda, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Injini yakale ikawira kawiri katatu, ulendo watha. Kutsogolo kwa radiyeta anamangako kasefa ka waya, pakuti njere za udzu wautali wa pakati pa njira zimatseka timabowo ta radiyeta, mphepo n'kulephera kupita.

Pa matayala aphunzitsi anakana uphungu wa mphwao. Anasunga saizi imene galimotoyo inabadwa nayo, ya 7.50-16, imene malole ang'onoang'ono ambiri amavalanso, kotero kuti kuipeza sikubvuta m'matauni a cigawo cino. Tayala lalikulu koposa limalemetsa ciongolero ndi kutopetsa zitsulo zopititsa mphamvu ku magudumu. Iwo anasankha a mphira wokhuthala m'mbali, cifukwa zitsa za mitengo ya mupani zimang'amba tayala cam'mbali ngati mpeni. Ndalama imene ikadapita pa matayala akulu inagula tayala lapadera laciwiri, macubu awiri, zigamba, guluu, zitsulo zocotsera tayala ndi pampu ya phazi.

Kanthu kena kamene mkuluyo anacita kanadya ndalama yocepa kuposa mtengo wa nkhuku. Pamwamba pa difu iriyonse pali kabowo kopumira. Galimoto ikayenda nthawi yaitali difu imatentha, ndipo ikalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umafota n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko. Madziwo amasanganikira ndi oilo, mano a zitsulo n'kuyamba kudyana. Mkuluyo analumikiza kapaipi kakatali pa kabowo kalikonse nakakweza kufika m'mwamba pafupi ndi injini, kumene madzi a pa dooko safikako.

Winchi sanagule. M'malo mwace anatenga fosholo, khasu, nkhwangwa, cingwe colimba, jeke yaikulu ndi thabwa lokhuthala loikapo jekeyo kuti isamire mumcenga, ndiponso matabwa ena awiri oyala pansi pa magudumu. Kaliyala wa padenga anawocherera ndi mapaipi opepuka, koma lamulo la mkulu uja linali lakuti pamwamba pakhale matiresi, hema ndi maneti a udzudzu basi. Katundu wolemera akakhala padenga, galimoto imapendekeka msanga potsika gombe la mtsinje ndipo ingathe kugubuduzika. Zigubu zinai za dizilo ndi zitatu za madzi, ciriconse ca malita 20, anazimangirira pansi pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo. Madzi okhawo anali makilogalamu 60, ndipo amai ataona cimeneci anabweza okha mpando wa ndalema, mbaula yaciwiri ndi mtondo umene anati akasinjire nsinjiro kumeneko. Dizilo wocuruka cotere anafunika cifukwa pakati pa Mfuwe ndi Lundazi munthu sayembekeza kupeza pothirira mafuta, ndiponso mumcenga injini imamwa koposa pa tala.

Zonse zitatha, galimoto inakayesedwa ku RTSA nilandira cikalata cace, inshuwalansi nilipiridwa. Pa gawo la aphunzitsi panatsala ndalama zokwanira dizilo, zakudya ndi zolipira pa zipata za paki. Utoto sanapake. Mphwao ataiona anaseka, nati ikuoneka monga momwe inaliri pansi pa mango paja.

Ananyamuka mu Ogasiti. Nthawi imeneyi anaisankha dala, pakuti m'dzinja dothi lakuda la makande la m'cigwamo limasanduka phala ndipo mitsinje imadzaza, kotero kuti njira ya kumpoto imatsekeka miyezi ingapo. Asanacoke anauza mwana wao wamkulu njira imene adzadzere ndi tsiku limene ayenera kufika ku Lundazi, kuti akacedwa masiku awiri ayambe kufunsa. Pa tala anayenda ndi magudumu a kumbuyo okha, monga anawalangizira mkulu uja, cifukwa kumanga onse anai pa mseu wouma kumapotokola zitsulo za m'kati. Tala litatha, ndi pamene anayamba kugwiritsa nchito kamutu kacikasu komanga magudumu anai, ndi cogwirira cofiira ca giya yamphamvu pa malo oipitsitsa.

Ku Nsefu anaona akasupe a madzi otentha, njobvu zikuoloka Luangwa ndi mvuu zitaunjikana m'maiwe otsala. Aphunzitsi anafotokozera akazi ao kuti kumeneku ndi kumene mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungira nyama kuti ndalama za alendo zipindulire anthu a mfumuyo. Nyamalikiti zitatu zitaima pafupi ndi njira, iwo anazimitsa injini nakhala cete nthawi yaitali. Amai ndiwo anayamba kulankhula. "Kodi ndi zomwe zija munali kujambula pa bolodi? Munali kuzifupikitsa khosi."

Mayeso eni eni anadza pa mtsinje wa Lukuzye. Madzi munalibe, koma mcenga unali wakuya, ndipo pakati peni peni magudumu anayamba kukumba. Aphunzitsi anacotsa phazi pa mafuta nthawi yomweyo, podziwa kuti kulimbikira kukadangokhazika mimba ya galimoto pansi. Anaphwetsako mpweya m'matayala onse kuti apondeponde malo akulu, nafukula mcenga kutsogolo kwa magudumu ndi kuyalapo matabwa aja. Ali pa nchitoyi anafika amuna asanu a m'mudzi wapafupi, amene amadziwa dooko limenelo monga khomo la nyumba yao. Atalonjerana, mmodzi wa iwo anati, "Atate, mwadzera kumanzere kwambiri. Kumanja kuno pansi m'polimba, tinayalapo mitengo." Anakankha onse pamodzi, amai ali pa ciongolero, galimoto nikwera gombe. Aphunzitsi anawathokoza ndi ndalama pang'ono, mcere ndi sopo, kenaka anatha theka la ora akupopa matayala ndi phazi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo anaona kuti m'njira za ku Malambo munthu waulemu sakhala nthawi yaitali m'dzenje.

M'nkhalango za mupani za ku Luambe akashembe anawakakamiza kutseka mazenera ngakhale kunali kotentha, ndipo citsa cinaboola tayala limodzi, limene analimata madzulo pamoto. Kwa Chitungulu anagona masiku awiri, nagula mpunga wa m'cigwamo. Pokwera mtunda wa miyala wopita ku Lundazi, singano yoonetsa kutentha kwa injini inakwera pang'ono koma sinafike pofiira. Anafika pa tsiku lomwe analonjeza, cigubu cimodzi ca dizilo cikali cosatsegula.

Lero nyumba yao iri ndi malata ndipo adzukulu sanaphonye temu ngakhale imodzi. Galimoto ija ikali yosapaka utoto. M'nyengo yokolola imanyamula nshawa ndi cimanga ca anansi, ndipo ndalama yace imalowa m'kabokosi ka masipeya. M'kabuku kamene aphunzitsi amasunga pansi pa mpando analembamo ciriconse cimene cinamasuka kapena kudontha pa ulendowo, pamodzi ndi malangizo a amuna a pa Lukuzye. Pa tsamba lomariza amai analembapo ndi dzanja lao dzina la Chama, ndi pansi pace mtengo wa matayala awiri amene ayenera kugulidwa mvula ikatha.