Gologolo ndi Kokonati

Boma la Rumphi lili ndi malo osiyana kwambiri. Kumtunda kuli mapiri a Nyika kumene kumazizira kotero kuti m'miyezi ya June ndi July udzu umayera ndi chisanu m'mamawa. Kumunsi kuli gombe la nyanja ya Malawi, malo otentha monga Chiweta, Chitimba ndi Mlowe. Mitengo ya kokonati imakonda malo otentha ndi amchenga, motero simungaipeze ku Nyika. Imamera apo ndi apo m'mbali mwa nyanja. Koma agologolo amapezeka konsekonse, kumtunda ndi kumunsi komwe.

Ku Mlowe kudali mnyamata wina wa mu Sitandade 5 amene adakola gologolo m'mphepete mwa munda wa amayi ake. Anzake adamuuza kuti amuphe ndi kumuotcha, koma iye adakana. Adakondwera ndi mchira wake wa ubweya wambiri ndiponso timaso take towala. Tsono adamukonzera kakhola ka waya nakaika m'chipinda mwake kuopa agalu.

Pakhomo pawo padali mtengo wa kokonati. Tsiku lina mnyamatayo adaswa kokonati wokhwima napatsa gologolo uja kachidutswa. Gologolo adakagwira ndi timiyendo take takutsogolo nayamba kudya mofulumira. Ataona zimenezi, mnyamata uja adati mumtima mwake, "Ndapeza chakudya chimene iye amachikonda." Kuyambira tsiku limenelo adampatsa kokonati yekhayekha m'mawa ndi madzulo.

Patapita miyezi iwiri, gologolo adanenepa ndithu, koma adasiya kudumphadumpha. Ubweya wake udathothoka malo ena ndipo miyendo yakumbuyo ankachita kuikoka. Mnyamata uja adachita mantha. Adanyamula kakhola kaja napita kwa agogo ake aamuna, amene adagwirapo ntchito yoyang'anira nyama ku Nyika.

"Asekuru," adatero mnyamatayo, pakuti ndi m'mene ana a kumeneko amaitanira agogo awo aamuna, "kodi kokonati ali ndi poizoni? Taonani, gologolo wanga akufa."

Agogowo adamuyang'anitsitsa gologolo uja nafunsa, "Kupatula kokonati, wakhala ukumpatsanso chiyani?"

"Palibe, Asekuru. Ndi chakudya chokhachi chimene amachikonda."

"Mdzukulu wanga, chakomachakoma pusi adagwa chagada. Kokonati alibe poizoni ayi. Koma iweyo ungakhale ndi mphamvu utamadya zitumbuwa zokhazokha miyezi iwiri, osalawa nsima, usipa kapena ndiwo zamasamba?"

Agogowo adanena zoona. Gologolo akadya kachidutswa kakang'ono ka kokonati watsopano, sadwala. Kumayiko a Malaysia ndi Indonesia, kumene kuli minda ikuluikulu ya kokonati, agologolo amaboola zipatso zanthete ndi mano awo kuti adye zam'kati, ndipo alimi amadandaula nawo. Komatu agologolo amenewo amadyanso zipatso zina, masamba ndi tizilombo.

Vuto la kokonati ndi lakuti ali ndi mafuta ochuluka. M'magalamu 100 a mnofu wa kokonati wokhwima muli magalamu 33 a mafuta. Nyama yosayendayenda ikamadya mafuta otere imangonenepa. Chinanso n'chakuti mu kokonati muli kashiamu wochepa. Kashiamu ndi mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Thupi likasowa mchere umenewu m'chakudya, limayamba kuutenga m'mafupa, ndipo mafupawo amafooka mpaka kumathyoka msanga. Kuwala kwa dzuwa kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamu, koma gologolo uja ankangokhala m'chipinda chamdima. N'chifukwa chake miyendo yake idalefuka.

Pali kokonati wina amene ali woopsa kwenikweni. Wochita chuku angathe kuwononga chiwindi, monga momwe amachitira mtedza wowola. Wothira shuga kapena mchere nayenso sayenera kupatsidwa kwa nyama zakutchire.

Nanga kutchire gologolo amadya chiyani? Amadya nkhuyu, masuku, maluwa, nthanga za mitengo, masamba anthete, chiswe ndi nyerere. Chakudya chake chimasintha malinga ndi nyengo, motero thupi lake limapeza zonse zofunika. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, ndipo amafupika pamene iye akukukuta zinthu zolimba. Nthawi zina amakwirira nthanga kuti adzadye mtsogolo. Zimene waziiwala zimamera ndi kusanduka mitengo. Potero gologolo amathandiza kubzala nkhalango.

Agogo aja adauza mdzukulu wawo kuti aziika kakhola kaja panja m'mawa uliwonse kuti gologolo aziothera dzuwa. Adamuuzanso kuti aleke kumpatsa kokonati, koma azimfunira nkhuyu, masamba, chiswe ndi zigoba za mazira zosinjasinja. Mnyamatayo adamvera. Pang'onopang'ono gologolo adayambanso kukwera waya wa khola lake.

Atachira, agogowo adati, "Tsopano kamtaye kumene udamtenga."

Mawu amenewa adamuwawa mnyamata uja, chifukwa adali atamzolowera gologoloyo. Adakhala chete tsiku lonse. Koma m'mawa mwake adanyamula khola napita ku mtengo wa mkuyu umene udali pafupi ndi munda uja. Atatsekula chitseko, gologolo adatuluka, nakwera mtengo, nabisala kuseri kwa nthambi.

Dziko lathu lidapatula malo oti nyama zizikhalamo mwaufulu. Nyika idakhala malo otetezedwa a mtundu wotere mu 1965, ndipo malire ake adakuzidwa mu 1978. M'nkhalango zake zowirira mumakhala agologolo a ubweya wofiira ndi wakuda, amene sapezeka m'madera ambiri a Malawi. Kumadzulo kwa boma la Rumphi kulinso dambo la Vwaza. Lamulo losamalira nyama zakutchire la mu 1992 limaletsa kugwira nyama m'malo amenewa popanda chilolezo.

Ana inu, si chakudya chilichonse chokoma m'kamwa chimene chimamanga thupi. Zimenezi n'zoona kwa gologolo ndiponso kwa munthu. Mukafuna kuchitira gologolo chifundo, musamtsekere m'khola. Samalirani mitengo ya mkuyu ndi ya masuku, ndipo musatenthe tchire. Chakudya adzadzipezera yekha.

Yankhani mafunso awa:

1. N'chifukwa chiyani mitengo ya kokonati siyimera ku Nyika?
2. Tchulani zifukwa ziwiri zimene zidafooketsa miyendo ya gologolo uja.
3. Kodi gologolo amathandiza bwanji kubzala nkhalango?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chakomachakoma pusi adagwa chagada."