Zimene chitsulo chimandiuza pa gulayindala

Ndimawotcherera zitsulo ku Ndirande. Ntchito yotidyetsa tsiku ndi tsiku ndi ya mageti, mafulemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, nthawi zina ngolo. Zonsezi timapangira chitsulo chofewa chogula kuhadiweya, ndipo chimenechi sichivuta. Chimadulika, chimapindika, rodi ya 6013 imangoyenda. Kaboni wake ndi wochepa, nthawi zambiri osapitirira 0.25 peresenti, n'chifukwa chake mnyamata wa manja abwino amachizolowera msanga.

Umisiri umaonekera pa zothyoka zimene anthu amabwera nazo atamanga pakaliyala. Munthu amatula pansi n'kunena kuti, "Achimwene, tangolumikizani apa, ndikuthamangira kwina." Ine makina sindiyatsa ndisanadziwe chimene wanditulira. Ndimayamba ndi maginito. Akakana kumata, ndiye kuti ndi aluminiyamu, mkuwa, kapena sitenilesi wa masinki ndi mapoto. Akamata, ndimapala ndi tupa kuti ndimve kuuma kwake, kenako ndimagunditsa pa gulayindala pamalo a mthunzi. Chitsulo chofewa chimaponya nthethe zazitali zachikasu, zowongoka, zophulika pang'ono kumapeto. Cha sipulingi nthethe zake zimachuluka ndipo iliyonse imaphulika nthambinthambi. Kasiti amatulutsa zazifupi, zofiira mofooka, zothera pafupi ndi mwala. Aluminiyamu satulutsa nthethe n'komwe, amangomata pamwala.

Kasiti ndiye amaliza amisiri ambiri. Mumamupeza mu ayironi ya makala, mutu wa makina osokera akale, mapule a chigayo ndi mabuloko ambiri a injini. Ali ndi kaboni wapakati pa 2 ndi 4 peresenti. Katundu wolemera amasenza osadandaula, koma kupindika sadziwa: akatopa amangoti phwa. Pothyokapo pamaoneka potuwa, pamchengamchenga, ndipo mukapakhula ndi chala chimada. Mukamuwotcherera ngati geti, msoko umaoneka bwino ndithu, koma pozizira mumangomva kuti "ti!", mng'alu watsopano wabadwa pambali pa msokowo. Choncho ine ndimayamba ndamutenthetsa yense pambaula, n'kutenga rodi ya nikelo, n'kumasoka pang'onopang'ono, kachidutswa kosaposa chala, ndikugogoda ndi kahamala msoko ukadali wotentha. Ndikatha ndimamukwirira mumchenga wouma kapena m'phulusa mpaka mawa. Rodi ya nikelo ndi yodula, ndipo makasitomala amadandaula pa mtengo ndi pa kudikira komwe. Ndimawafotokozera, ambiri amamva.

Pali ntchito imodzi imene ndimakana ngakhale ndalama ikhale pamanja: kulumikiza sipulingi yothyoka ya minibasi kapena lole. Chitsulo chimenechi chili ndi kaboni wa pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo kufakitale anachitenthetsa n'kuchiziziritsa mwa muyeso kuti chizinyutuka n'kubwerera m'malo. Moto wa rodi umafafaniza zonsezo. Pambali pa msoko pamauma mopitirira, patsogolo pang'ono pamafewa, ndipo sipulingi imagwedezeka pa bampu iliyonse. Tsiku lina idzadukira pomwepo, mwina galimoto ikutsika mapiri a ku Chikwawa itadzaza anthu. Dalaivala amati, "Madala, kwina amawotcherera bwinobwino." Ndimayankha kuti, "Achimwene, gulani ina. Iyi ndigulitseni ineyo."

Ndimaigula chifukwa sipulingi yothyoka ndi chuma. M'menemo mumatuluka tchizelo, sompho, nkhwangwa. Apa ndimazimitsa makina n'kukoleza makala, monga ankachitira makolo athu pachipala ndi mvukuto wawo. Ndikasula chidacho mpaka chitaoneka bwino, ndimatenthetsa kukamwa kwake kufikira kutafiira, n'kumayesa ndi maginito. Pa madigiri pafupifupi 770 chitsulo chimasiya kukoka maginito. Ndimawonjezera moto pang'ono chabe, kenako n'kuviika mu oyilo. M'madzi ayi, madzi amaziziritsa mwaukali ndipo chitsulo cha mtundu uwu chimang'aluka. Chikatuluka mu oyilo tupa imangotererapo osaluma. Wophunzira amasangalala poganiza kuti ntchito yatha, chonsecho tchizelo yotere mukaimenya kamodzi imabenthuka ngati mbale yadothi.

Chotsala ndi kubweza kuuma kwinako kuti chitsulo chipirire nkhonya. Ndimapala kukamwako mpaka kuwale, n'kutenthetsa chakumbuyo ndi moto wofatsa, maso ali pamalo owalawo. Mitundu imayamba kuyenda kulowera kunsonga: woyamba wachikasu chotuwa cha udzu wouma, kenako wofiirira, kenako wapepo, pomaliza wabuluu. Tchizelo yodulira chitsulo ndimaiviika wofiirira ukangofika kunsonga. Nkhwangwa ndimailola ipitirire pang'ono, chifukwa imakumana ndi mfundo za mtengo ndipo kuli bwino ibunthe, mwini wake anole, kusiyana n'kuti ibenthuke. Ukachedwa pang'ono buluu wadutsa, uyambirenso. Pa ntchito yanga yonse, mphindi zimenezi ndi zimene ndimazikonda koposa.

Aluminiyamu ndi wopepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo ndipo amasungunuka pa madigiri 660, koma safiira kuti akuchenjezeni. Mumangoona pabooka. Pamwamba pake pali kakhungu kosaoneka kamene kamafuna madigiri oposa 2,000 kuti kasungunuke, ndiye m'kati mumasanduka madzi kunja kukadali kouma. Ndi makina anga a rodi sindilimbana naye. Zidutswa zake ndimapatsa anzathu oumba mapoto. Sitenilesi sachita dzimbiri chifukwa muli chromium wosachepera 10.5 peresenti, koma mukamusoka ndi rodi wamba, msoko wokhawo udzachita dzimbiri mvula yoyamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malata ndi mapaipi amadzi okutidwa ndi zinki. Zinki amawira pa madigiri 907, kutali chitsulo chisanasungunuke, ndiye rodi ikangogunda pamatuluka utsi woyera. Mnyamata akaupuma masana, usiku amanjenjemera, mutu kuwawa, thupi kutentha, kunyumba n'kumati ndi malungo. M'mashedi ambiri amauzana kuti ukamwa mkaka zatha. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawalamula kuti ayambe apala zinkiyo ndi gulayindala mbali zonse za msoko, atulutse ntchitoyo panja, ndipo aime kumene mphepo ikuchokera. Amene wanyozera ndimamulanda chogwirira rodi, tsiku limenelo akapente mageti.