Mitengo ya Mthunzi ku Thyolo

Munthu akachoka ku Limbe kuloŵera ku Thyolo, maso ake amakhuta kubiriŵira kwa minda ya tiyi. Koma mlendo wanzeru ayang'anenso mitengo. Ku Satemwa, munda umene Maclean Kay anauyamba m'chaka cha 1923, ndi m'minda yoyandikana nawo, mtengo suudzalidwa chisawawa.

Bulugamu, wochokera ku Australia, ali ndi nkhalango zakezake, pakuti nkhuni zake ndizo zoumitsira tiyi m'fakitale. Amakula msanga, koma amamwa madzi ambiri. Sayenera kukhala pafupi ndi chitsime kapena dimba. Mbawa, mtengo wathu wa m'mbali mwa mitsinje, sukula msanga ngati bulugamu, koma mthunzi wake ngwozizira ndipo matabwa ake ngolimba. Mkuyu umafuna bwalo lalikulu, chifukwa mizu yake imang'amba maziko a nyumba. Pakhomo pochepa, mango aposa yonse: mthunzi ulipo, zipatso ziliponso.

Pamwamba pa mindayi pali phiri la Thyolo, limene nkhalango yake yatha ndi nkhwangwa m'malo ambiri. Makolo, phunzitsani ana kusankha mbande ndi malo ake oyenera dzinja lisanafike. M'mera mpoyamba.