Kaseti ya Junta: kalata kwa mphwanga

Wokondedwa mphwanga,

  Funso lako lija si loyankha pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Ukuti anzako a mu bandi yanu akudabwa: gulu la Phish limatchuka ndi zimene limachita pa siteji, mashoo ake ojambulidwa ali mbwee pa intaneti, nanga bwanji ine ndakuuza kuti uyambe ndi Junta, chimbale chakale cha mu studio? Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya chimbalecho.

Magulu amene ku America amawatcha jam band ali ndi mwambo wawo. Nyimbo imayamba monga aliyense akuidziwira, koma ikafika pakati oimba amaisiya njira yake n'kuyamba kupeka pompopompo, kumvetserana ndi kutsatana, mwina kwa mphindi makumi awiri. Nyimbo yomweyo akaiimba mawa imapita kwina. Ukukumbukira rumba ya ku Congo ya nthawi ya Franco, momwe mawu amathera magitala n'kulowa m'sebene, anthu n'kuvina osafuna kuti ithe? Ndi zofananako, kungoti mu sebene magitala amazungulira pamodzimodzi kuti ovina asatayike, pomwe jam band imalolera kusochera dala kuti ione kumene itulukire. Amene anakhazikitsa mwambowu ndi a Grateful Dead, gulu lomwe linayamba mu 1965 ku California. Iwo ankalola anthu kujambula mashoo awo pa makaseti ndi kusinthanitsana, bola osagulitsa. Phish inadzatsata njira yomweyo.

Phish inayamba mu 1983 pa University of Vermont, mumzinda wa Burlington, kumpoto kozizira kufupi ndi malire a Canada. Trey Anastasio ankaimba gitala, Mike Gordon besi, Jon Fishman ng'oma. Page McConnell wa kiyibodi analowa mu 1985, ndipo Jeff Holdsworth, mnzawo wa gitala amene anayamba naye, anachoka mu 1986. Anayi otsalawo ndi omwe alipo mpaka lero. Malo amene anakulira ndi bala yotchedwa Nectar's mumzinda womwewo, komwe ankaimba usiku ndi usiku pamaso pa anthu ochepa, ambiri mwa iwo anzawo a ku sukulu. Chimbale chawo cha 1992, A Picture of Nectar, anachitcha dzinalo pothokoza mwini malowo.

Nachi chimene anzako sakuchidziwa. Nthawi imeneyo Anastasio ankaphunzira kupeka nyimbo kwa mkulu wina wa ku Vermont komweko, Ernie Stires, yemwe ankamuphunzitsa luso lakale loluka mizere ingapo ya manotsi kuti iyendere limodzi, uliwonse ndi njira yake, popanda kuwombana. Choncho mnyamatayu akamabwera ku pulakatisi sankabwera ndi makodi atatu ndi kolasi. Ankabwera ndi zigawo zazitali zolembedwa, besi ndi mzere wake, piyano ndi mzere wake, ndipo anzakewo ankayenera kuziloweza zonse. Ankathera maola ochuluka m'chipinda akubwereza kachigawo kamodzi mpaka kakhale.

Mu 1988 anapita ku Euphoria Sound Studios ku Revere, pafupi ndi Boston, kukajambula nyimbozo. Panalibe kampani yowathandiza. Chimbalecho chinatuluka mu 1989 pa kaseti, ndipo ankachigulitsa okha pa mashoo awo. Dzina loti Junta analitenga kwa manijala wawo woyamba, Ben Hunter, yemwe anzake ankamutcha choncho. Chikuto chake anajambula ndi mnzawo Jim Pollock, zithunzi zapamanja zakuda ndi zoyera. Kampani ya Elektra inadzachitulutsanso mu 1992 pa ma CD awiri, gululi litasaina nawo, ndipo anawonjezerapo nyimbo zitatu. Imodzi mwa izo, Union Federal, ndi ya mphindi 25, yopeka pompopompo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kusowa kwa kampaniko ndi theka la kukoma kwa Junta. Kampani ikaika ndalama zake pa anyamata osadziwika imafuna nyimbo ya mphindi zitatu yoti wailesi iiimbe. Apa panalibe wowauza kuti dulani. The Divided Sky ndi ya mphindi pafupifupi 12, ndipo mawu oimba alimo ochepa kwambiri. Nyimbo yotchedwa David Bowie imapitirira mphindi 10. Fluffhead ndi mnzake Fluff's Travels, zikaphatikizana, ndi ulendo wa pafupifupi kotala ya ola. Palibe wamalonda wanzeru amene akanalola chimbale choyamba kukhala chotere, ndipo n'chifukwa chake umamva anyamata a zaka za m'ma 20 akuchita zimene mtima wawo ukufuna, mosaopa munthu.

Tiye tione nyimbo imodzi pafupi. Ukatsegula You Enjoy Myself, gitala imayamba ndi timanotsi tothamanga, tokwera ndi kutsika, piyano ikuyenda pambali pake. Ukamayesa kuwerenga kugunda kwake ndi phazi usokonezeka, chifukwa muyeso umasinthasintha. Kenako zonse zimafatsa, piyano imatsala pafupifupi yokha, phokoso n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono mpaka kuphulika, ndiyeno besi n'kugwira kugunda kovinika. Mphindi zingapo zimatha munthu asanatsegule pakamwa kuimba. Zonse za m'chigawo choyambacho n'zolembedwa, notsi iliyonse ili ndi malo ake. Pa Junta nyimboyi imatha isanakwane mphindi 10. Pa siteji imafika 20 kapena kupitirira: Anastasio ndi Gordon amadumpha mogwirizana pa timipando ta masipuling'i uku akuimba, kenako besi ndi ng'oma zimatsala ziwiri, ndipo pomaliza onse amasiya zida n'kupeka ndi pakamwa pokha. Ndi nyimbo imene gululi laiimba kambiri kuposa ina iliyonse. Ukaimva koyamba pa shoo udzaganiza kuti zonsezo ndi zam'mutu. Ukayamba ndi Junta udzadziwa pamene zolemba zathera ndi pamene kupeka kwayambira, ndipo malirewo ndi omwe amakoma kuwamva.

Mu The Divided Sky muli chinthu china. Pali kachigawo kamene manotsi ake amapita patsogolo, kenako n'kubwerera chammbuyo mu ndondomeko yomweyo mpaka pamene anayambira. Zoterezi sizichitika mwangozi, munthu amachita kukhala ndi pensulo. Patsogolo pake gitala imaimba kanyimbo kofatsa n'kuima kaye isanatulutse notsi yomaliza. Pa chimbale mpatawo ndi waufupi. Pa siteji unakula chaka ndi chaka, mpaka Anastasio amatha kungoima duu kopitirira mphindi yathunthu, khamu likukuwa, notsi ija isanabwere. Amene amadziwa chimbale amamva kuti mwambo wonsewo unamera pa kampata kakang'ono kaja.

Usaganize kuti ndi chimbale cha anthu okwinya nkhope. Fee ndi nthano ya kanyama konga likongwe kolimbirana mkazi ndi nyani, ndipo mawu ake amamveka ngati akutuluka m'chimkuzamawu. Esther ndi nkhani yoopsa pang'ono ya kamtsikana kopatsidwa chidole. Contact, yomwe analemba Gordon, ikukamba za matayala a galimoto. Anyamata omwewo amene amatha kuimba zigawo zovuta chonchija akuseka ndi nkhani zopanda pake, ndipo zinthu ziwirizi zili pamodzi m'chimbale chonse. Ena zimawanyansa. Amati mawu ake ndi achibwana, maimbidwe a pakamwa ndi ofooka, ndipo kajambulidwe kake n'kopyapyala poyerekeza ndi zimbale za makampani akuluakulu. Sakunama. Palibe mwa anayiwo amene ali ndi mawu oti n'kuimitsa munthu pamsewu. Koma kupyapyalako kuli ndi phindu kwa iwe woimba gitala, chifukwa palibe chophimba. Chida chilichonse chimamveka pachokha, ndipo ungathe kutsata besi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaitaya.

Ufulu umene umauona pa siteji nawonso anachita kuuphunzira. Anali ndi masewera awo a pa pulakatisi: mmodzi amayamba kachidutswa kobwerezabwereza, ena n'kulowa mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamva kuti zagwirana amafuula. Kenako wotsatira amasintha kachidutswa kake, ena onse n'kusintha kuti amutsate. Cholinga chinali choti munthu azimva anzake atatu kuposa mmene akudzimvera yekha. Kuphatikiza khutu lotere ndi zala zozolowera zigawo za mu Junta, ndi pamene pamachokera shoo imene anthu amaiyendera mitunda.

Ndipo anaiyenderadi. Gulu lopanda nyimbo yotchuka pa wailesi linasonkhanitsa anthu pafupifupi 70,000 ku Plattsburgh mu 1996, pa chikondwerero chawochawo chotchedwa The Clifford Ball. Polowa chaka cha 2000, ku Big Cypress ku Florida, anaimba kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka. Mu 2017 anaimba mausiku 13 ku Madison Square Garden ku New York osabwereza nyimbo ndi imodzi yomwe. Koma nkhani imene ndikufuna uisunge ndi ya 2009. Gululi linapumula mu 2000, linabwerera kumapeto kwa 2002, kenako linatha mu 2004. Nthawi yonse imene linabwerera ija silinaimbe Fluffhead ngakhale kamodzi, chikhalirecho anthu ankaipempha. Ndi nyimbo yoti sungaiimbe mongoyerekeza, imafuna pulakatisi yeniyeni. Atagwirizananso n'kukwera pa siteji ku Hampton ku Virginia mu March 2009, nyimbo yoyamba imene anaimba inali yomweyo. Okonda gululi anamva uthenga wake popanda wowauza: anyamata aja akhalanso pansi, aphunziranso zolemba zawo. Patatha zaka 20, muyeso woonera ngati gululi lili bwino unali udakali nyimbo ya pa kaseti ija.

Tsono uchite chonchi. Umvere Junta yonse motsatana, osadumpha, kawiri kapena katatu. Ukatero usankhe nyimbo imodzi, kaya David Bowie kaya You Enjoy Myself, upeze mashoo awiri a zaka zosiyana, umve mmene yasinthira ndi zimene sizinasinthe. Udzapeza kuti chigawo cholembedwa amachisunga mwaulemu, ndipo amamasuka pokhapokha akachidutsa. Anzako amene akufuna kuti bandi yanu izingokwera pa siteji n'kuyamba zam'mutu uwamveretse zimenezi. Kupeka pamaso pa anthu kumafuna poyambira podziwika ndi pobwerera podziwika, apo ayi aliyense amangothamanga yekha, ovina n'kukhala pansi.

Chinanso, musadikire ndalama zambiri kapena munthu wa kampani kuti mujambule nyimbo zanu. Studio yotsika mtengo ikukwanirani ngati mwaloweza bwino zimene mukukaimba. Nyimbo zimene muli nazo panopa zidzasintha mukamaziimba m'mashoo, ndipo ndi bwino kuti pakhale penapake posunga mmene zinalili poyamba.

Zingwe za gitala zimene unapempha ndidzatumiza ndi munthu wobwera kumeneko kumapeto kwa mwezi. Upereke moni kwa amayi ndi kwa alongo ako, ndipo ukamvera chimbalecho undilembere nyimbo imene yakuvuta kuitsata.

Ndine mkulu wako.