Kufunafuna Cholakwa Popanda Kuloza Chala

Ntchito yanga m'bungwe lomwe si la boma kuno ku Bulawayo ndi yofalitsa mauthenga, koma tsamba lathu la pa intaneti likasokonekera ndimakhala pambali pa achinyamata amene amalikonza. Ena mwa iwo anaphunzira ku National University of Science and Technology, yomwe inakhazikitsidwa mu 1991. Kukhala nawo kwandiphunzitsa kuti mawu a malamulo a pa kompyuta angathe kulimbitsa munthu mtima kapena kumuchititsa mantha.

Iwo amagwiritsa ntchito Git, pulogalamu imene Linus Torvalds anayambitsa mu 2005. Git imasunga mbiri ya chilichonse chimene chasinthidwa, amene anasintha ndiponso tsiku lake. Cholakwa chikalowa, pali lamulo la git bisect. Munthu amasonyeza pamene zinthu zinali bwino ndi pamene zinaonongeka, Git imasankha pakati pake, iye amayesa, ndipo theka la mbiriyo limachoka pa kafukufuku. Pa zosintha 1,000, kuyesa ka 10 kokha kumaulula gwero la vuto.

Komatu kwa zaka zambiri lamuloli linkangodziwa mawu awiri, good ndi bad. Wofuna kudziwa pamene vuto linatheratu ankakakamizika kutcha chabwino kuti choipa, ndipo mutu unkazungulira. Mu Januwale 2016, Git 2.7 inalola mawu akuti old ndi new, ngakhalenso mawu odzisankhira. Kusinthako kunali kochepa, koma kunachotsa msampha.

Lamulo lina ndi git blame, dzina lotanthauza kudzudzula. Limaonetsa amene anakhudza mzere uliwonse komaliza, ngakhale atangokonza mipata chabe. Ndaona mtsikana wongoyamba ntchito akuopa kukonza chinthu chooneka poyera, kuopa kuti dzina lake lidzaima pa cholakwa cha wina. Mu 2019, Git 2.23 inabweretsa njira yodumphira zosintha zoterezi. Pulogalamu ya Subversion inapatsa lamulo lomweli dzina linanso loti praise, kutanthauza kuyamikira.

Chatsala ndi chiyankhulo. Mauthenga a Git anamasuliridwa m'Chifalansa, m'Chijeremani ndi m'ziyankhulo zina, koma m'Chichewa, m'Chindebele ndi m'Chishona ayi, ngakhale malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, Chichewa chili momwemo. Mdzukulu wa Mmalawi amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji n'kukhala ku Makokoba amalimbana ndi cholakwa cha pulogalamu pamodzi ndi Chingerezi chokhotakhota.

Mabungwe timathamangira kugula makompyuta, koma kabuku kofotokoza malamulowa m'chiyankhulo chathu sitikaika m'bajeti. Ikani kabukuka m'ndondomeko ya chaka chamawa, ndipo muitane aphunzitsi a ziyankhulo akhale pamodzi ndi olemba mapulogalamu. Paja mutu umodzi susenza denga.